Khadi la masiku

Kuchoka ku Kafue kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 45. Anthu ambiri a m'tauni yathu amayenda msewu umenewu tsiku lililonse, ena kuntchito, ena kukaoda katundu ku Soweto Market, ndipo sauwerengera ngati ulendo. Ine ndinauyenda kwa miyezi 8 ndi mwana wodwala khansa pamiyendo. Tikamakamba za matendawa timakamba za mankhwala, za madokotala ndi za mapemphero, koma za kubwerera sitikamba. Mwana wa khansa sachira ndi ulendo umodzi wa kuchipatala. Umabwerera tsiku limene analemba pa khadi, kenaka ubwereranso, ndalama zilipo kapena palibe, mwana akufuna kapena akulira, achibale akuvomera kapena akukunena kumbali. Kwa ine ntchito yaikulu ya kholo inali pamenepo.

Mwana wathu wamkazi anali ndi zaka 4. Amake ndi amene anaona pomusambitsa kuti mbali imodzi ya mimba ndi yolimba ngati muli mango yaiwisi. Sankamva kuwawa, ankadya bwino, ankathamanga ndi anzake mpaka madzulo. Pa kakliniki kena anatipatsa mankhwala a njoka za m'mimba, ndipo tinamumwetsa monga anatiuzira. Patapita milungu iwiri chotupa chinali pomwepo, chitakulirako. Tinabwereranso, tinapeza wina amene anakanikiza mimbayo nthawi yaitali osalankhula, kenaka analemba kalata yotitumiza patsogolo. Kuchokera apo kunali sikani, kuyeza magazi, kalata ina, mpaka tinapezeka ku UTH tikumva dzina limene sitinalimvepo: Wilms tumour.

Imeneyi ndi khansa ya impso ya ana. Dzina lake linachokera kwa Max Wilms, dokotala wa ku Germany amene analemba za matendawa mu 1899. Kawirikawiri imagwira ana osakwana zaka 5, ndipo nthawi zambiri imayamba monga inayambira kwathu, chotupa chosawawa chimene kholo limachipeza posambitsa kapena poveka mwana. Siyipatsirana. Siyibwera chifukwa cha zimene mai anadya ali ndi pakati kapena zimene bambo analakwa. Ili m'gulu la khansa za ana zimene zimachiritsika zikapezeka msanga ndipo chithandizo chikatsatidwa mpaka kumapeto. Mawu akuti "mpaka kumapeto" dokotala anawabwereza katatu, akundiyang'ana ine osati amake.

Anatifotokozera dongosolo. Poyamba mankhwala kwa milungu ingapo kuti chotupa chichepe. Kenaka opaleshoni yochotsa impso yodwalayo. Kenaka mankhwala ena kwa miyezi. Pafupi ndi UTH pali Cancer Diseases Hospital, chimene chinatsegulidwa mu 2007 nthawi ya Pulezidenti Levy Mwanawasa, ndipo kwa zaka zambiri ndi chokhacho m'dziko muno chimene chinali ndi makina a radiotherapy. Malo awiri amenewa tinawadziwa ngati kwathu. Tinaphunziranso maina amene poyamba ankatipinda lilime, vincristine ndi actinomycin D. Amake, amene anasiyira sukulu mu giredi 9, anafika powatchula bwino kuposa ine wa pa wailesi.

Anatipatsanso khadi lolembapo masiku. Linali kapepala kolimba chabe, koma ndilo linkalamulira nyumba yathu.

Tsiku la mankhwala linkayamba 4 koloko m'mawa. Kuyatsa mbaula, kutenthetsa madzi, kuphika phala limene mwana ankalikana chifukwa ankadziwa kumene tikupita. Pa siteshoni ndinkapempha mpando wa pawindo, ndipo ang'wang'wazi atatizolowera ankatisungira okha osapemphedwa. Mwana ankavala masiki yake yotsala ya nthawi ya Covid, chifukwa mu minibasi simusowa wokhosomola. Tidutsa Shimabala, tidutsa Chilanga, tiima pa mzere wa magalimoto polowa mu Lusaka, titsika m'tauni, tikwera ina yopita kuchipatala. Tikafika, choyamba ndi kutenga magazi.

Mankhwala a khansa amapha maselo amene akuchulukana msanga. Vuto ndi lakuti m'thupi mulinso maselo abwino amene amachulukana msanga: a tsitsi, a m'kamwa, ndi a m'mafupa amene amapanga magazi. N'chifukwa chake tsitsi limathothoka, m'kamwa mumatuluka zilonda, ndipo asilikali a m'thupi amachepa. Akapeza kuti magazi atsika kwambiri sapereka mankhwala tsiku limenelo, chifukwa angamupweteke mwana. Amakuuzani kuti mubwere sabata yamawa. Zimenezi zinatichitikira kangapo. Ndi chisamaliro chabwino, ndikudziwa, koma kukwera basi yobwerera ku Kafue ndalama zitapita, tsiku litapita, mankhwala osalandira, kumafooketsa mawondo kuposa tsiku limene mwana wasanza njira yonse.

Za ndalama sindichulutsa, nonse mukuzidziwa. Ngakhale mankhwala utapatsidwa osalipira, basi siikwereka ulere, ndipo mtengo wake umatsatira mafuta. Ine pa wailesi ndimangodzipereka, palibe malipiro a pamwezi; chimene chimatidyetsa ndi kuyendetsa mwambo pa maukwati ndi makitchen party, ndi salaula wa amake. Tsiku la kuchipatala tebulo la salaula limakhala lotseka. Azimai a chilimba chake anamupatsa ndalama nthawi yake isanakwane, kawiri konse, osafunsa zambiri. Ndinagulitsa sipika imodzi mwa ziwiri. Kaloba tinamuzemba mwamwayi chabe.

Koma si ndalama zokha zimene zimaimitsa makolo. Pali nthawi ziwiri zimene anthu okukondani amakuuzani kuti musiye, ndipo amakuuzani mwachikondi chenicheni.

Yoyamba ndi pamene mwana akuoneka kuti akuipiraipira. Tinapita naye kuchipatala akuyenda yekha, akuseka. Patapita milungu itatu anali atawonda, tsitsi likutsala pa pilo, akudandaula kuti nsagwada zikuwawa, kuchimbudzi osapita masiku. Aliyense wobwera kudzazonda ankaona zimenezo ndi maso ake. "Aya mankhwala ndiye azamupaya mwana," anatero a neba ena potuluka, poganiza kuti sindikumva. Azakhali anga anayamba kutumiza mavoisi pa WhatsApp usiku uliwonse, lero masamba akuti owiritsa, mawa mneneri wakuti amene ali ndi madzi ochotsa zotupa. Panamvekanso manong'onong'o akuti mimba yotupa mbali imodzi ndi zoponyeredwa, ndipo dzina la gogo wina wa kumudzi linayamba kutchulidwa. Limenelo ndinalitseka msanga. Ndawerengapo pa wailesi nkhani za okalamba omenyedwa chifukwa cha mawu otere, sindinafune kuti matenda a mwana wanga apweteketse munthu wosalakwa.

Nkhani inakula titafika pa opaleshoni. Apongozi anga anabwera kuchokera ku Katete, anakhala pa mphasa, anandiitana.

"Atate ake a mwana, ndamva kuti mwavomera kuti amudule."

"Inde amai, tavomera."

"Mulungu anamupatsa impso ziwiri. Inu mwaona kuti imodzi ndi yotsala? Ndipo khansa akaikhudza ndi mpeni imabalalika, zimenezo aliyense adziwa."

Sindikufuna kuti muwaseke apongozi anga. Pa moyo wawo aona anthu atatu kapena anayi akupita ku Lusaka kukachitidwa opaleshoni ya chotupa, onse anabwera m'bokosi. Zimene anaona ndi zoona. Chimene sanaone ndi chakuti anthuwo anafika kuchipatala matenda atafalikira kale, atayamba azungulira kwina miyezi yambiri. Mpeni unangopeza zimene zinalipo. Ine kuwafotokozera zimenezi sikukanathandiza, mkamwini saphunzitsa apongozi. Tinangowatenga ulendo wotsatira. Dokotala wina wachitsikana anawapatsa mpando, anawapatsa moni wa ulemu m'Chinyanja, anajambula impso ziwiri pa pepala, nawauza kuti yodwalayo inasiya kale ntchito yake yambiri ndipo inayo ikugwira bwino, ndiponso kuti munthu amakula, kukwatiwa ndi kubereka ali ndi impso imodzi. Funso la kubereka ndi limene linali pamtima pawo, ngakhale sanalifunse. Pobwerera sanalankhule mpaka pa Chilanga. Kuyambira tsiku limenelo khadi ankasunga ndi iwo, m'kachikwama ka m'chitenge, ndipo ankatidzutsa 4 koloko isanakwane.

Za mapemphero maganizo anga ndi awa. Tinapemphera kwambiri, ndipo a mpingo wathu ankabwera Lachisanu lililonse. Amene ndinakana ndi munthu aliyense wonena kuti kupita kuchipatala ndi kusowa chikhulupiriro. Pa pulogalamu ya zaumoyo imene ndimathandizira, oimba foni otere sasowa, ndipo ena amatchula ndi mtengo wa botolo. Munthu amene akuuza mai wa mwana wodwala khansa kuti ataye khadi, kenaka n'kumulipiritsa, sindimuona ngati wolakwitsa chabe. Akudya pa maliro amene sanachitike.

Nthawi yachiwiri ndi yoopsa kuposa yoyamba, chifukwa imabwera ndi chisangalalo. Opaleshoni inayenda bwino. Chilonda chinapola. Mimba inaphwa, mwana anayamba kupempha nsima ndi kapenta, anayamba kukangana ndi mkulu wake za rimoti. Aliyense ankati Mulungu ndi wabwino, ndipo ndi zoona. Koma pa khadi panali patatsala miyezi 6. Apa ndi pamene funso linasintha: "Manje muyendelanji futi? Mwana ali bwino, mufuna mumudwalitse na mankhwala?" Ndipo kunena zoona, sabata iliyonse tinkatenga mwana wosewera, kupita naye ku Lusaka, kubwera naye wofooka. Kwa munthu woonera kumbali zinkaoneka ngati misala.

Chifukwa chake n'chakuti opaleshoni imachotsa chimene maso ndi sikani zikuona. Timaselo totsalira, tochepa kwambiri moti sitioneka, ndi timene mankhwala a pambuyo amasaka. Mukasiya pakati timayambanso kukula, nthawi zina m'mapapo, ndipo khansa yobwereranso ndi yovuta kuchiza kuposa yoyamba. Bungwe la WHO limanena kuti m'maiko olemera ana oposa 80 pa 100 alionse odwala khansa amachira, pamene m'maiko ambiri osauka ochira safika 30 pa 100. Pa zifukwa zimene limatchula pali kupezeka mochedwa kwa matenda, kuwasokoneza ndi matenda ena, kuvuta kwa kufika kuchipatala, ndi kusiya chithandizo pakati. Mu 2018 linayambitsa ntchito yofuna kuti pofika 2030 ana ochira padziko lonse afike 60 pa 100. Ndikawerenga manambala amenewa ndimaona mabenchi a kuchipatala, ndi amene ankakhalapo.

Mawu akuti "kusiya chithandizo" amamveka ngati kholo losasamala. Ine ndinakhala nawo pa benchi makolo amenewo. Panali mai wina wochokera kupitirira Mongu, mtunda woposa makilomita 600, ndi kamnyamata kotupa tsaya. Anasiya ana atatu ndi agogo awo, munda osalima, mwamuna atayamba kale kunena kuti ku Lusaka wapezako wina. Chinyanja ankachidziwa pang'ono, ankalankhula ndi amake mwana wanga ndi manja ndi kuseka. Kuli mabungwe ngati Kayula Childhood Cancer Foundation amene amathandiza mabanja ochokera kutali ndi pogona, koma munda ndi ana otsala kumudzi palibe angakusungire. Mwana wake atayamba kupeza bwino anapempha kuti akaone kunyumba. Tsiku lake la pa khadi linafika, sanabwere. Amake mwana anayesa nambala yake milungu itatu mpaka inasiya kulowa. Ife tinamaliza chifukwa tinali ndi makilomita 45, chilimba, ndi apongozi. Sindinganene kuti tinamukonda mwana wathu kuposa mmene mai uja anakondera wake.

Pa mabenchi amenewo abambo tinali owerengeka. Ena ali kuntchito kusaka ndalama ya basi yomweyo, zimenezo ndikumvetsa. Koma ambiri ndinkamva kuti anangochoka matenda atatalika. Anyamata amene mukuwerenga, kunyamula mwana pa mzere wa magazi sikufuna satifiketi.

Pali mbali ina imene palibe anatikonzekeretsa: mwana wodwala amafunikabe kuleredwa. Tonse tinakula tikuopsezedwa kuti ukapanda kudya tikuitanira anesi akulase nyeleti. M'nyumba mwathu mawu amenewo tinawaletsa, ngakhale kwa alendo. Tinagwirizananso kuti tisamunamize. Akafunsa kuti "Adadi, lelo kuli nyeleti?" ndinkamuuza kuti ilipo, iwawa pang'ono, ndikhala nawe. Ankalira kuyambira pa Shimabala. Koma tsiku limene ndinkamuuza kuti lero ndi sikani chabe, ankakhulupirira n'kugona pamiyendo panga. Ndinaona ana ena amene anauzidwa kuti akupita kukagula ayisikirimu. Amenewo ankayamba kukuwa akangoona geti, ndipo sankakhulupiriranso chilichonse chochokera pakamwa pa amai awo.

Tsitsi litayamba kugwa, amake anamumeta lonse asanaone zigamba pagalasi, ndipo mkulu wake wa zaka 9 ananena yekha kuti nayenso amumete. Ana a pa komboni anamuseka masiku awiri, lachitatu anaiwala. Akuluakulu ndi amene ankavuta, kuyang'anitsitsa ndi kufunsa pamaso pake kuti "Azapola uyu?" ngati mwana wa zaka 4 samva.

Nanga kumukaniza zinthu? Apa tinkasiyana ndi amake nthawi zina. Mwana anazindikira msanga kuti akalira aliyense amathamanga. Anayamba kulanda zinthu za mkulu wake, kumumenya, kenaka kuyang'ana ife. Mtima umakuuza kuti musiye, wavutika kale. Koma kumulekerera chilichonse kuli ngati kuvomera kuti sadzakula, ndipo ife tinkalera munthu woti adzakhale ndi anthu. Choncho akamenya mnzake ankapepesa, akamwaza zidole ankatola, kupatula masiku amene thupi linali litakanadi. Mkulu wakeyo ndiye anasenza zambiri mwakachetechete. Miyezi yonseyo funso loyamba la mlendo aliyense linali la mlongo wake. Tsiku lina aphunzitsi ake anandiitana kuti mwana wasiya kulemba homuweki. Kuyambira apo Loweruka masana linali lake, ine ndi iye, kukaonera mpira pa giraundi kapena kungoyenda mpaka kumtsinje kukaona asodzi.

Chimene chinkatiopsa kwambiri sichinali chotupa, chinali kutentha thupi. Asilikali a m'thupi akachepa, kachilombo kamene mwana wina angathane nako yekha kangathe kupha m'maola ochepa. Anatiuza kuti tigule thermometer, ndipo ikafika pa 38 tisadikire kuti kuche, tisamupatse Panadol n'kugona, tithamangire kuchipatala ndi khadi lake. Zinachitika kamodzi, cha m'ma 1 koloko usiku, magetsi atapita. Tinawerenga nambala ndi tochi ya foni. A neba athu oyendetsa takisi, amene ndinali nditawapempha kale kuti foni yawo isamazime usiku, anatuluka ndi malaya ogonera. Anakana ndalama ya ulendo, anangolandira ya mafuta. Mwana anagonekedwa masiku 5, analandira mankhwala a m'dripu, ndiponso anamuika magazi.

Thumba la magazi lija ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Linachokera m'thupi la munthu amene sadzamudziwa mwana wanga. Magazi ambiri amene a Zambia National Blood Transfusion Service amatolera amachokera kwa ana a sukulu ndi a m'makoleji, n'chifukwa chake masukulu akatseka nkhokwe zimachepa. Ana a khansa sadikira kuti temu itsegulidwe. Anzanga ambiri ankandifunsa kuti tikuthandize bwanji, ndipo ena ankachita manyazi chifukwa analibe ndalama. Amene anapita kukapereka magazi, amene anatenga mkulu wake kusukulu tsiku la mankhwala, amene anakhalira amake pa tebulo la salaula, ndi mnzanga wa pa wailesi amene ankalowa m'malo mwanga osandiwerengera, onsewa anatithandiza kufika tsiku lotsatira la pa khadi. Amene ankatumiza ndalama ya basi pa foni usiku woti mawa ndi ulendo, osalemba uthenga wautali, ndimawakumbukira mwapadera.

Pa 15 February, tsiku lokumbukira khansa ya ana padziko lonse, anandilola kuyendetsa pulogalamu ya ola limodzi. Ndinaitana namwino kuti atchule zizindikiro zimene kholo lisazinyalanyaze: chotupa m'mimba, pakhosi kapena pa tsaya chimene sichikuphwa, kadontho koyera m'diso la mwana kamene kamawala ngati diso la mphaka usiku, kutentha thupi kosatha pamene malungo sakupezeka, kutuwa, kutuluka magazi m'mphuno kapena m'nkhama kawirikawiri, kuwawa kwa mafupa kodzutsa mwana usiku. Anaonjezera kuti mankhwala oyamba akapanda kuthandiza, kubwerera kukliniki n'kunena kuti sizinasinthe si mwano. Mafoni anali ambiri kuposa nthawi. Woimba womaliza anali bambo wina amene sanafunse za zizindikiro. Anafunsa kuti basi yoyamba yopita ku Lusaka imanyamuka nthawi yanji, chifukwa ali ndi kalata imene wakhala nayo milungu itatu.

Mankhwala tinamaliza. Sitinachite phwando, tinangogula nkhuku. Khadi silinathe ntchito: pali masiku a sikani ndi kuyeza, poyamba pafupipafupi, tsopano motalikirana, ndipo sabata yoti tipite amake sagona bwino. Tsitsi linamera lofewa kuposa loyamba. Impso yotsalayo tikuisamala: amwe madzi okwanira, ndipo mankhwala opha ululu ngati ibuprofen ndi diclofenac asamwe popanda kufunsa dokotala. Chaka chino wayamba giredi 1. Tsiku loyamba ndinapita kukafotokozera aphunzitsi ake za botolo la madzi ndi za chipsera cha pamimba, ndinapeza wawauza kale yekha, ndipo wawaonetsa.